Msuweni wa TB ndi Beseni la ku Tamanda

Lolemba, 11 Ogasiti

Si khansa! Ndilembenso kuti maso aone: si khansa. A dokotala anati "sizikuoneka ngati khansa," koma ine ndamva zimene ndamva. Zilembo zikukwera phiri ngati za mwana wa giredi wanu. Ine Vailet, mphunzitsi kwa zaka makumi atatu, kulephera kutsata mzere wa m'kope.

Kuchipatala chachikulu kuyambira seveni koloko. Sikani anajambula Lachinayi lapitali, lero zotsatira. Dokotala wake mtsikana, a Edita, msinkhu wa Tamiwe wanga. Magalasi aakulu, mawu ofatsa. Ananditembenuzira kompyuta kuti ndione mapapo anga. Timadontho toyera mbwee, ngati wina wamwaza mawere pansalu yakuda. Akuti ndi tizotupa ting'onoting'ono.

Ndinawayalira mbiri yonse. Chaka chatha mankhwala a TB miyezi isanu ndi umodzi, osadumpha tsiku. Pa Isitala chifuwa chija bwererenso. Kukiliniki kwathu, galasi loonera tizilombo m'makhololo likuti tilimo, makina atsopano oyezera TB akuti mulibe. Makina awiri kukangana, wovutika ine. Magazi ali bwino, anayeza kawiri.

A Edita anangomwetulira. Akuti TB ali ndi asuweni ake. Mtundu umodzi, nkhope zofanana, n'chifukwa chake galasi limasokonezeka. Koma asuweniwa kwawo ndi m'dothi ndi m'madzi, ndipo sayenda kuchoka kwa munthu kupita kwa mnzake. Apa ndinadzambatuka pampando. Ndinawauza kuti mwana wanga mmodzi yekhayo ndi woyembekezera, mimba yoyamba. Iwo: "Ngati ndi asuweniwa, mayi, mdzukulu wanu mudzamunyamula."

Ngati. Pakufunika umboni. Makhololo a m'mawa masiku atatu, timabotolo titatu, apite ku labu yaikulu ku Lusaka, akawadzale ngati mbewu, aone chimene chimere. Milungu itatu, mwina isanu ndi umodzi. Tamiwe achira pakati pa Okutobala. Ndawerenga pazala kawiri. Nthawi ilipo!

Ananenanso zina zambiri, koma makutu anga anali atafika kale ku Kasenengwa kwa Tamiwe. A Philemon, amuna anga, ndi amene ankalemba m'kabuku kawo.

M'minibasi pobwerera a Philemon akuti: "Amake Tamiwe, mawu akuti ngati si chidindo." Ukalaliki wa mu ofesi sutha, ngakhale munthu apume ntchito. Kapu yanga imene anaipaka penti yofiira chaka chatha ikadali pashelefu yakeyake, kutali ndi zinzake.

Lachiwiri, 12 Ogasiti

A Philemon apita ku Mwami kukaona mlongo wawo. Nyumba yonse yanga.

Timabotolo tija ndatiyang'anitsitsa. Tatuluka m'kabati ya kuchipatala, manja angati atigwira? Ine zaka makumi atatu kuphunzitsa atsikana za pakhomo, ndipo lamulo loyamba silinasinthe: chiwiya chachilendo, tsuka. Ndatsegula tonse titatu. Sopo, madzi a pampopi kawiri, kuyanika pathandala. Tikuwala ngati matambula a paukwati. A ku Lusaka adziwe kuti ku Chipata kuli amayi aukhondo.

Ndaimbira Tamiwe. Anakuwa m'foni mpaka ndinaichotsa kukhutu. Kenako: "Nanga apongozi, amama?"

Apongozi akewo, a Magalita, amake a Bonifasi, mwamuna wa Tamiwe. Uthenga wawo wa mu Juni ukundilasabe: wa chifuwa asayandikire chikuta. Chikuta cha mwana wanga ine! Masiku amene mayi ndi khanda amabindikira m'nyumba mpaka mchombo ugwe, kenako kumusambitsa n'kumutulutsa panja kuti anthu amuone. Mwana woyamba wa mwana wamkazi amatulutsa ndi amake a mtsikanayo. Ndi momwe zakhalira kwathu chikhalire. Ntchito imeneyo ndi yanga, sindinabwereke kwa munthu.

Ndamuuza Tamiwe kuti asadandaule, pepala likubwera. Ndaphika futali, ndadya mbale yonse. Chilakolako cha chakudya chinali chitathawa kuyambira Meyi.

Lachisanu, 15 Ogasiti

Kabotolo kachitatu kapita. Lachitatu, Lachinayi, lero. Kutsokomola kochokera pansi penipeni mpaka misozi, mmene anandiuzira. Mayi wa pawindo la labu anati timabotolo tanga tikununkhira bwino. Ndinanyadira.

Beseni la amayi ndalitsitsa pamwamba pa wadirobu. Loyera, mkombero wabuluu, pansi pogumuka pang'ono. Analigula ali mtsikana ku Tamanda, akuthandiza anamwino a pamishoni. M'menemo ndinasamba ine. M'menemo anasamba Tamiwe tsiku lotuluka m'chikuta, amayi atagwada pamphasa, akuyesa madzi ndi chigongono, ine ndili pambali kulira popanda chifukwa. Amayi kulibe tsopano. Chigongono chatsala ndi changa.

Ndayeserera ndi dzungu. Dzanja lamanzere pansi pa mutu, lamanja kusambitsa. A Philemon anandipeza ndikuliimbira nyimbo. Anaima pakhomo nthawi yaitali, kenako: "Mwanayu wafanana ndi akwanu." Ndinawaponyera chinkhupule.

Loweruka, 23 Ogasiti

Ku Kasenengwa. Fumbi mpaka m'mano. Pabwalo ponse mtedza, amayi kuswa, makoko mulu.

Tamiwe! Mimba kutsogolo, mapazi otupa, nkhope yowala. Miyezi inayi osamuona. Miyendo inafuna kuthamanga, koma ndinaima. Anandiyalira mphasa pansi pa mtengo wa mango, iye pakhonde. Pakati pathu mapazi khumi, ndinawerenga. Kucheza mokuwa ngati anthu a kutsidya kwa mtsinje. Thobwa ndinamwera m'kapu yanga yofiira, ndimayenda nayo m'chikwama kuti ndisavutitse anthu.

Bonifasi, mkamwini wanga, munthu wabwino koma pamaso pa amake amasanduka madzi. Anangoti moni n'kuthawira kukhola.

Ndinapita nditanola mawu. Za asuweni a TB, za dothi, za madzi, zonse mwadongosolo ngati phunziro la giredi naini. Ndinkati ndikaphunzitsa mayi wa kumudzi. A Magalita anamvetsera manja ali pamtedza, osasiya kuswa. Nditamaliza analoza ndi chibwano kumsitu wa kumanda.

"Asewere, musandione monga woipa mtima. Fulansisi wanga ali apo. Miyezi folo chabe. Ambuye ake anali kukhosomola monga inu, anali kumukonda monga inu, tsiku lonse pamiyendo pawo. Anatsogola ambuye, mwana anatsatira mvula isanagwe."

Phunziro langa lonse linauma kukamwa. Zaka ziwiri ana athu ali pabanja, ine osadziwa. Sindinafunsepo. Ndimangoti Akatolika a kumudzi ndi liuma lawo.

Potsazikana anandimangira mtedza m'kathumba. "Akanena adokotala ndi pakamwa pawo kuti si chifuwa chija, ine ndidzamva. Koma osati nkhani za akuti akuti."

Koma anena kuti adzamva! Khomo silinatsekedwe, angolibweza.

Lachinayi, 4 Sepitembala

Foni ya kuchipatala! Zotsatira zafika, ndipite mawa. Milungu itatu yokha! Ndasita chitenje cha Chigwirizano cha amayi, ndasita malaya a a Philemon, ndikanasitanso makatani akanapanda kundigwira dzanja. Mtima dyokodyoko. Mawa ngati lero kapu yofiira ikubwerera kwa anzake.

Lachisanu, 5 Sepitembala

Safunsa anadya phula.

Sindikufuna kulemba, koma ndilembe kuti ndidzakumbukire uchitsiru wanga.

A Edita anali ndi pepala m'manja, nkhope yodabwa. Akuti m'timabotolo tonse titatu mwamera zinthu zosakanikirana, mitundu yambirimbiri, ngati munda wosapalira. A ku labu alephera kuwerenga chilichonse. Anafunsa kuti ndinachita bwanji. Ine pamenepo kudzikonza pampando, chifuwa patsogolo, kufotokoza za sopo, za mpopi, za thandala. Ndinkadikira kuyamikiridwa!

Anavula magalasi. Anagwira pamphumi. "Mayi, timabotolo tija timabwera tophikidwa kale, mulibe kachilombo ngakhale kamodzi. Asuweni aja ndinati amakhala kuti?"

M'dothi ndi m'madzi. M'madzi a pampopi. Ine ndi manja anga ndinawatungira n'kuwathira m'botolo, fumbi la pathandala n'kuwonjezera ndiwo. Tsopano palibe angadziwe ngati zomerazo zachokera m'mapapo mwanga kapena m'paipi ya kukhitchini.

Ndinati sanandiuze. A Philemon anatulutsa kabuku, ananyowetsa chala, anatsegula pa 11 Ogasiti. "Nambala folo: osatsegula botolo mpaka nthawi yolavulira. Nambala faifi: osachukucha m'kamwa ndi madzi a pampopi." Anawerenga ngati chigamulo cha kukhoti. Nthaka ikanang'ambika ndikanalowa.

Kuyambiranso. Timabotolo tina titatu. Milungu itatu mpaka isanu ndi umodzi. Ndinapempha kalata yokha yonena kuti si TB. Anakana mwaulemu. Akuti salemba zimene labu sinanene, makamaka pa nkhani ya khanda. Akunena zoona, n'chifukwa chake zikuwawa.

Tamiwe watsala ndi milungu isanu ndi umodzi. Ndawerenga pazala, zala sizikugwirizana nane.

Ndalira m'bafa. Ukhondo wanga womwe ndimanyozera nawo anthu.

Lolemba, 8 Sepitembala

Timabotolo tatsopano tili m'ndende. A Philemon atitsekera m'chikwama chawo chakale cha ku ofesi, kiyi m'thumba la jekete. M'mawa sikisi koloko atulutsa kamodzi, aima pambali ngati wapolisi, ine kutsokomola panja pa mpanda, iwo kutseka chivindikiro ndi manja awo, ulendo wa kuchipatala pa njinga. Sandilola ngakhale kukapukuta kunja kwake.

"Inu ndi sopo musaonane mpaka Lachitatu."

Ndinafuna kukwiya, koma ndinaseka mpaka chifuwa chinandigwira. Bambo wa zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zisanu ndi zitatu kupalasa njinga chikwama cha ofesi chili kumbuyo, anthu kumaganiza kuti wabwerera ntchito. M'katimo makhololo a mkazi wake.

Madzulo ndinawaona atayima pashelefu akuyang'ana kapu ija. A Edita anawauza Lachisanu kuti ngakhale TB yeniyeniyo siyenda pakapu, imayenda mumpweya. Chaka chathunthu kapu yosalakwa ili pachilango.

Lachinayi, 18 Sepitembala

Sabata imodzi chipitireni kachitatu. Kudikira.

Ndapeza kumene msuweni ayenera kuti anandilowera. Kanazale kanga ka kuseri! Zaka khumi ndi ziwiri chipumireni ntchito, m'mawa uliwonse kusefa manyowa ouma ndi sefa, fumbi kobo kumaso, kudzaza timapepala ta mbande za maluwa ndi mango. A Edita akuti sangalumbire, koma n'kutheka. Sanandiletse. Akuti ndiziwaza madzi padothi ndisanaligwire, ndizimanga kansalu pamphuno. Ndikuoneka ngati wakuba m'munda mwanga momwe.

Anandiphunzitsanso kapumidwe kochotsa makhololo. Kukoka mpweya pang'onopang'ono, kuusunga, kuutulutsa mwamphamvu kukamwa kuli yasa, ngati ukufuna kupukuta galasi. Kawiri patsiku. N'chimodzimodzi zimene timachita kukwaya tisanayambe kuimba. Kwaya! Chaka ndi miyezi ndisanaimemo. Lamulungu ndimakhala panja pafupi ndi zenera. Mawu achiwiri akumveka opyapyala popanda ine, ndipo sindikudzitama.

Ndasoka timalaya titatu, tachikasu, kuti tiyenere aliyense amene akubwera. Tamiwe akuti kamunthu kakumenya ngati kakufuna kutuluka mawa. Ndamuuza akauze kuti kadekhe, ambuye ake akudikira Lusaka.

Lachiwiri, 30 Sepitembala

Wachira! Tamiwe wachira! Mtsikana!

Bonifasi anaimba teni koloko m'mawa, mawu osamveka, kulira ndi kuseka pamodzi. Kuchipatala chaching'ono cha kwawoko. Milungu iwiri nthawi isanakwane, koma wamphamvu, makilo atatu kuperewera pang'ono. Mayi ali bwino. Anaika foni pafupi ndipo ndinamumva. Kamawu kokhuthala, kosalira mopyapyala ayi. Mawu achiwiri enieni! Ndinaimba nthungululu pakati pa msewu, mayi wogulitsa tomato anandithandiza osadziwa n'komwe nkhani yake.

Ndavina m'khitchini. A Philemon avala tayi popanda kopita.

Kenako ndinakhala pansi. Amene anagwira dzanja la mwana wanga pobereka ndi a Magalita. Amene anamulandira mdzukulu wanga ndi a Magalita. Ndikanapanda kutsuka timabotolo tija, bwenzi pepala lili m'manja kuyambira pa 5, bwenzi ndili komweko. Nsanje ndili nayo, sindibisa. Ndi kuthokoza komwe, zonse m'chifuwa chimodzi chodwalachi.

Kwatsala kutulutsa m'chikuta. Mchombo umagwa masiku asanu, asanu ndi awiri. Lusaka, fulumira!

Loweruka, 4 Okutobala

Ndaimba kuchipatala dzulo. Palibe. Akuti tizilomboti timamera mwaulesi, sitikakamizika.

Tamiwe ali kunyumba, m'chikuta. Mchombo sunagwe. Chithunzi pafoni: kamphuno ka a Philemon ndendende! Tsitsi lambiri. Ndachipsompsona mpaka galasi la foni lachita nthunzi.

Beseni ndalikulunga m'chitenje, lili pakhomo pamodzi ndi chikwama. Kutentha kwa Okutobala kwayamba. Ine amene ndapempherera zinthu zambiri m'moyo, lero ndikupempherera kamchombo kuti kagwiritsitse.

Lachitatu, 8 Okutobala

Tsiku lachisanu ndi chitatu. Ndinaimba mtima uli m'mwamba. Tamiwe: "Sunagwe, amama." Kenako kakuseka kachilendo, ndi mawu a a Magalita kumbuyo akumukalipira. Foni thii.

Akuseka chiyani? Mchombo wochedwa chonchi si wabwino? Ndamuuza Bonifasi kuti ukafiira kapena kununkha athamange naye kuchipatala. Iye akuti amayi ake salola mwamuna kulowamo, sakudziwa kanthu.

Lusaka ziii.

Lachinayi, 9 Okutobala

Lafika! Pepala lafika! Lili apa pathebulo, ndalitsamiritsa ndi Baibulo kuti mphepo isaliyese.

TB mulibe. Mulibe! Mwa timabotolo titatu, tiwiri tamera kachilombo kamodzimodzi, msuweni uja. Dzina lake lalitali ngati la mfumu ya kunja, a Edita amangolidula kuti MAC. Akuti umboni wake ndi umenewu: chifuwa, tizotupa ta pa sikani, ndi mabotolo awiri onena chimodzi. Ndiye chaka chatha chonse ndinkathamangitsa mlendo wolakwika.

Ndinawakumbatira a dokotala. Ndinaiwala. Munthu woyamba kumukumbatira chichokereni chaka chatha, ndipo sanabwerere m'mbuyo. Anandigwira msana n'kundisisita. Pamenepo ndiye ndinalira zenizeni.

Mankhwala mitundu itatu, Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu. Iwiri ndikuidziwa kale, ija ya chaka chatha, wina uja wosandutsa mkodzo kukhala ngati madzi a malalanje. Wachitatu watsopano. Ulendo wake wautali. Makhololo kuyeza mwezi ndi mwezi, ndipo akadzayera, kumwabe chaka china chathunthu. Akuti msuweniyu ndi wokakamira, ena amawabwerera. Ndinati asuweni onse ndi otero, akabwera kudzacheza sachoka msanga. Ulendo uno ndinamvetsera chilichonse, ndinabwerezanso mokweza, a Philemon akuchonga m'kabuku.

Zoyang'anira: m'makutu mukayamba kulira, maso akayamba kuchita chifunga kapena kusokoneza chofiira ndi chobiriwira, ndisiye n'kuthamangira kwa iwo. Anandiyeza maso lero lomwe. A Philemon anati penti ya pakapu aipala ndi mpeni madzulo ano. Ndakana. Ikhale. M'mawa uliwonse ndiziika pafupi ndi tsamba la mango, ndikaona kufiira ndiye kuti maso ali bwino. Kapu yamanyazi yapeza ntchito.

Kalata alemba, chidindo chofiirira pansi. A Philemon anachiyang'ana mozondotsa ndi mowongoka. Ndinawauza a Edita za Fulansisi. Analemba nambala yawo kuseri kwa envulopu. "Mawa thu koloko ndidzakhala ndatuluka muwodi. Ndiimbireni, ndiyankhule nawo ndekha."

Madzulo ano tadyera mbale imodzi ya ndiwo, ine ndi amuna anga.

Lachisanu, 10 Okutobala

Ku Kasenengwa. Mapiritsi oyamba ndamwa m'mawa, m'mimba muli nseru pang'ono, ndilibe nazo ntchito. Beseni pamiyendo njira yonse.

Mphasa yomweyo, mtengo womwewo, mapazi khumi omwewo. Khomo la chikuta lotseka, thewera loyanikidwa pachingwe. Ndinamumva akulira mkatimo. Mawere anga okalambawa anachita kulasa.

Bonifasi anawerenga kalata, kumasulira mzere ndi mzere, kawiri. Pakati pa ulendo wachiwiri chifuwa chinandigwira. Chachitali, choipa, cha misozi. Fumbi la mumsewu. Nditadzutsa mutu, nkhope ya a Magalita inali itatsekeka. "Pepala likuti mulibe, chifuwa chikuti ndilipo."

Thu koloko ndinaimba. Analandira foni ndi manja awiri, n'kupinda bondo pang'ono ngati a dokotala aima patsogolo pawo. Sanafunse za tizilombo ayi. Anati: "Adokotala, muli naye mwana inu?" Ndinamva yankho, foni inali yokweza. Ali naye, wa miyezi isanu ndi itatu. "Mungawapatse amayi awa amunyamule, akukhosomola tere?" A Edita: "Lero lomwe, amama. Chifuwa chawo n'chawo okha, sichipita kwa mwana. Asambe m'manja monga aliyense, basi."

A Magalita anabweza foni. Osati inde, osati ayi. Analowa m'khitchini, ndinangomva nkhuni zikuthyoledwa.

Atiyalira m'kanyumba kosungira mbewu, pakati pa matumba a mtedza. Dzuwa likulowa. A Philemon akuti ndidekhe, fayilo ili pa desiki ya bwana. Ngati akana, ndidzamuonera patali n'kubwerera ndi beseni langa. Sindidzakangana ndi mayi amene anaika mwana. Ndalemba zimenezi kuti mawa ndisadzasinthe.

Loweruka, 11 Okutobala

Ndilembe msanga, ndingaiwale mawu ake.

Dzuwa litangotuluka ndinakhala pansi pa mango, kapu pambali, tsamba pafupi. Kufiira kukuoneka. A Magalita anabwera ndi ndowa ya thobwa. Sanaime pamapazi khumi paja. Anabwera mpaka pamphasa yanga, anakhala, bondo kugunda bondo. Anatola kapu yofiira. Ndinati ndiwaletse, chizolowezi. Anatunga, anamwa theka, n'kundipatsira yotsalayo.

"Asewere, mchombo unagwa Mande."

Ine kukamwa yasa. Lolemba! Masiku asanu apitawo!

"Tinausamala kale, ine ndi Tamiwe, mwakachetechete. Mudzi wonse ndaunamiza, azimayi akundifunsa tsiku ndi tsiku, Bonifasi yemwe sadziwa. Mawa ndikalapa kwa ansembe." Anapukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje. "Ndinati tidikire pepala lanu, likakana ndiye ndimutulutse ndekha. Mwana woyamba amatulutsa ndi amake a mkazi. Fulansisi anandiphunzitsa mantha, sanandiphunzitse kuba."

Ine wa mawu ambiri. Ndinangogwira dzanja lawo, lokhakhala ngati khoko la mtedza, thobwa likutayikira pachitenje changa cha Chigwirizano.

Podzuka analoza beseni ndi chibwano, m'maso muli kuseka. Tamiwe anawauza zonse za timabotolo tija, mwana wopanda chinsinsi. "Ilo ndiye litsukeni, aphunzitsi. Ndi sopo yemwe."

Ndalitsuka kawiri. Lili pamphasa pakati pa bwalo, mkombero wabuluu ukuwala. Azimayi ayamba kusonkhana, wina wayamba kale nthungululu. A Philemon avala tayi ija. Madzi afunda, ndayesa ndi chigongono, ali bwino, amayi mukanaona. Khomo latseguka. Tamiwe waima pakhomo ndi kansalu koyera m'manja, kakugwedezeka, kakulira ndi mawu achiwiri aja, a Magalita akundikodola, akuti asewere siyani kulemba, bwerani, mwana akuz